Mafunso ndi mayankho: kafukufuku wa mankhwala opoletsa mabala ndi wa masamu a ana a pulayimale

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, m'makomiti a zaumoyo a m'midzi, ngakhalenso pamacheza wamba kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa. Ofanana ndawaphatikiza, ataliatali ndawafupikitsa. Ngati muli ndi bala lomwe likukudetsani nkhawa lero lino, yambani ndi funso la zizindikiro zoopsa, kenako nyamukani. Zinazi mudzawerenga mukabwerako.

Zitsamba ndi masamu zikukumana pati kuti zikhale pa tsamba limodzi?

Zikukumana pa kuyeza. Wina akati "mtengo uwu umapoletsa bala," wina n'kuti "njira iyi imathandiza ana kudziwa masamu msanga," wofufuza amafunsa onse awiri mafunso omwewo: poyamba zinali bwanji, lero zili bwanji, nanga pakanapanda mtengowo kapena njirayo zikanatha bwanji? Funso lachitatuli ndi limene ambiri timalilumpha. Bala laling'ono limapola lokha ngakhale osaikapo kanthu. Mwana naye akamatsekera chaka amakhala atatolako kena kake, ngakhale kalasi yake ikhale ya pansi pa mtengo wa mango. Kupola kokha, kapena kukhoza kokha, sikukuuzani chimene chagwira ntchito.

Palinso china. Kuyeza bala kumafuna rula, kuchulukitsa ndi maperesenti, masamu amene mwana ayenera kukhala atawagwira asanalembe mayeso a Sitandade 8. Mudzi umene ana ake sakuwatha masamu amenewa udzavutika kuweruza wokha ngati botolo la mankhwala logulitsidwa m'basi likunena zoona.

Agogo anga anachiza anthu ambiri ndi mizu. Umenewo si umboni?

Ndi umboni woyambira, ndipo si wonyozeka. Kafukufuku wambiri wa zitsamba amayamba ndi kukhala pamphasa ndi asing'anga ndi agogo, kufunsa dzina la mtengo, mbali yake imene amatenga ndi kakonzedwe kake. Vuto ndi lakuti mutu wa munthu umasunga bwino amene anachira. Amene bala lake linanyeka anapita mwakachetechete ku St Anne's kapena kuchipatala chachikulu pa Boma, ndipo sanabwerenso kudzanena.

Ofufuza amatseka mpata umenewu motere. Amatenga anthu a mabala ofanana n'kuwagawa m'magulu awiri mwamaere, osayang'ana nkhope. Gulu lina limalandira mankhwala akuyesedwawo, lina chithandizo cha masiku onse. Woyeza mabala, ngati n'kotheka, asadziwe kuti uyu ali gulu liti, paja diso limakonda kuona chimene mtima ukufuna. Aliyense amalembedwa, wochira ndi wosachira yemwe. Ndipo anthuwo achuluke ndithu, chifukwa pa anthu asanu okha mwayi ungathe kupangitsa madzi a pachitsime kuoneka ngati mankhwala.

Kusukulu n'chimodzimodzi, kungoti amene amagawidwa mwamaere ndi ana kapena masukulu.

Bala limapola bwanji?

Thupi limagwira ntchitoyi m'magawo anayi olowana. Poyamba magazi amaundana kuti atseke mitsempha yoduka, ndipo izi ndi za mphindi zochepa. Kenako pabalapo pamafiira, kutupa pang'ono ndi kutentha kwa masiku angapo pamene asilikali a m'thupi akuchotsa tizilombo ndi mnofu wakufa. Gawo lachitatu ndi la mnofu watsopano, wofiira, wonyowa, wa timibulu ting'onoting'ono, umene umadzaza dzenjelo kuchokera pansi uku khungu likuyandikira kuchokera m'mbali. Lomaliza ndi la chipsera, chimene chimakhwima kwa miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, koma kulimba kwake kumathera cha pa 80 peresenti ya khungu loyamba.

Ambiri tinakula tikumva kuti bala liume, liombedwe mphepo, lichite nkhanambo. Mu 1962 wasayansi wa ku Britain, George Winter, anayesa pa nkhumba ndipo anapeza kuti mabala ophimbidwa, okhala ndi kachinyontho, amamera khungu msanga kuposa osiyidwa kuti aume. N'chifukwa chake anamwino amamanga bala m'malo moliyanika. Mfundo iyi muikumbukire powerenga za alovera, papaya ndi uchi. Nthawi zina chimene chathandiza ndi kuphimbako ndi chinyonthocho.

Nanga mitengo imene timaidziwa kuno yafufuzidwa kufika pati?

Mayina otchulidwa kawirikawiri ndi chisoso, chimene amachifikisa m'manja n'kufinyira pa bala latsopano, masamba a gwafa, nimu, chammwamba, chipatso ndi makungwa a mvunguti, utomoni wofiira wa mlombwa, alovera ndi papaya wamuwisi.

Kafukufuku wa mankhwala ali ndi makwerero atatu. Loyamba ndi la mu labotale: amatenga madzi a masamba kapena makungwa n'kudonthezera m'kambale momwe abzala mabakiteriya, kuti aone ngati afe. Lachiwiri ndi la nyama, makamaka makoswe, amene amawacheka kabala kofanana kukula n'kumayeza tsiku ndi tsiku. Lachitatu ndi la anthu, monga ndafotokozera pa funso la agogo. Chisoso, gwafa, nimu, chammwamba ndi mvunguti zayesedwa m'maiko osiyanasiyana pa makwerero awiri oyambawo, ndipo nthawi zambiri zimaonetsa mphamvu ina yolimbana ndi mabakiteriya. Koma pa mabala a anthu, kafukufuku wamkulu wa magulu ogawidwa mwamaere ndi wosowa kwambiri. Mukamva wotsatsa akuti "asayansi atsimikiza," mufunseni kuti atsimikiza pa kambale, pa khoswe kapena pa munthu.

Alovera wayesedwa pa anthu kuposa anzakewo. Mu 2012 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kupeta kafukufuku wa zaumoyo wa padziko lonse, linaunika zonse zimene zinalipo n'kunena kuti umboni wabwino wokwanira wakuti alovera amapoletsa mabala msanga palibe. Pa kafukufuku wina wa mabala a opaleshoni amene anatseguka, opakidwa alovera ndi amene anachedwa kupola. Papaya ali ndi chinthu chotchedwa papain chimene chimafewetsa mnofu wakufa, ndipo mu 1999 madokotala a mumzinda wa Banjul ku Gambia analemba za mmene ankaikira papaya wophwanya pa ana opsa ndi moto. Koma taonani, munali m'wodi umo, bala likutsukidwa ndi kuonedwa ndi anamwino tsiku lililonse.

Akuti uchi ndi shuga zimapoletsa zilonda. N'zoona?

Pa zonse zopezeka pamudzi, uchi ndi umene uli ndi umboni wolimbako, ndipo ife a ku Nkhotakota nkhaniyi ikutikhudza pawiri. Shuga amapangidwa pa Dwangwa pompano, ndipo m'midzi yozungulira nkhalango ya zinyama muli alimi a njuchi.

Zonse ziwiri zimakoka madzi. Shuga akachuluka pa bala amayamwa madzi amene mabakiteriya amadalira, ndiye amalephera kuswana. Uchi umaonjezerapo zina: uli ndi asidi pang'ono, ndipo ukasakanikirana ndi madzi a pabala umatulutsa pang'onopang'ono hydrogen peroxide, amene amapha tizilombo.

Izi zinayesedwapo m'Malawi mom'muno. Mu 2007 ogwira ntchito pachipatala cha Beit CURE ku Blantyre anasindikiza zotsatira za odwala 40 a mabala otseguka, ena omangidwa ndi uchi, ena ndi shuga. M'masabata awiri oyamba, bala la pakatikati m'gulu la uchi linkachepa ndi masikweya sentimita 3.8 pa sabata, pamene la m'gulu la shuga linkachepa ndi 2.2. Mabakiteriya anachepanso msanga kwa a uchi, ndipo ululu pomasula bandeji unali wocheperako. Anthu 40 si ambiri, ndiponso ankayerekeza uchi ndi shuga zokhazokha, choncho chimene kafukufukuyu akutiuza n'chakuti pa odwala amenewo uchi unaposa shuga. Mu 2015 a Cochrane anapeza kuti pa mabala a moto osazama kwambiri, uchi unapoletsa msanga ndi masiku anayi kapena asanu poyerekeza ndi mabandeji ena a masiku onse, koma pa zilonda zokhalitsa za m'miyendo umboni sunali womveka.

Tsono chenjezo. Uchi umene zipatala za kunja zimagwiritsa ntchito, monga wa manuka wa ku New Zealand, umasefedwa n'kudutsitsidwa pa cheza chopha mbewu za tizilombo. Wa m'botolo la m'mbali mwa msewu ungakhale wofinyidwa ndi manja pamodzi ndi ana a njuchi, kapena wothiridwa madzi, ndipo uchi wothira madzi wataya mphamvu ija yokoka. Namwino akakuuzani kuti mubweretse uchi kapena shuga, bweretsani, chifukwa iye adzatsuka bala, adzaliyang'ana, ndipo adzadziwa nthawi yosinthira. Ndikanakhala ndi mawu kwa ophunzira a m'mayunivesite a KUHeS, MUST kapena Mzuni amene akusaka mutu wa kafukufuku, ndikanawapempha ayambe ndi uchi wa kwathu kuno: uli ndi madzi ochuluka bwanji, ndi waukhondo bwanji, ndipo umapha mabakiteriya ati. Alimi a njuchi nawo akanapindula ndi mayankhowo.

Ofufuza amadziwa bwanji kuti bala likuchepa? Si kungoona ndi maso?

Maso amanama. Njira yapafupi ndi kuyeza mulitali ndi mulifupi ndi rula ya pepala yotaya ikagwira ntchito, n'kuchulukitsa. Bala la masentimita 4 mulitali ndi 3 mulifupi ndi masikweya sentimita 12. Pakatha masabata awiri mwapeza 3 ndi 2, ndiye kuti 6. Lachepa ndi theka, 50 peresenti, ngakhale mulitali ndi mulifupi zangochepa ndi sentimita imodzi imodzi. Popeza mabala ambiri sakhala a ngodya zinayi, ena amaika pulasitiki yoonekera pamwamba, kujambula m'mphepete mwa balalo, kenako kuwerenga timabokosi pa pepala la magalafu. Ena amajambula ndi foni, rula ili pambali.

Manambalawa amathandiza posankha chochita. Kwa odwala shuga, madokotala anapeza kuti chilonda cha kuphazi chimene sichinachepe ndi theka m'masabata anayi kawirikawiri sichipola m'masabata 12, ndipo chithandizo chiyenera kuunikidwanso.

Ngati mtengo wapha tizilombo mu labotale, tikudikiranji?

Chimene chapha mabakiteriya m'kambale chingaphenso mnofu watsopano uja. Mphamvu ya tsamba imasintha ndi nyengo, nthaka, msinkhu wa mtengo ndi kaumitsidwe kake, moti nimu wa mumchenga wa ku Sani sangafanane ndendende ndi wa ku Mwansambo. Tsamba lothyola m'mbali mwa njira limabwera ndi fumbi, lotafuna limabwera ndi tizilombo ta m'kamwa.

LA amene timamwa tikadwala malungo akuonetsa utali wa ulendowu. Mbali ina ya mankhwalawa inachokera ku chitsamba cha ku China, Artemisia annua, chimene asing'anga a kumeneko ankachidziwa kwa zaka mazanamazana. Gulu la mayi Tu Youyou linapatula mphamvu yake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Malawi anayamba kupereka LA m'zipatala mu 2007, ndipo mayiyo analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Pakati pa tsamba ndi piritsi panadutsa zaka zambiri zoyeza mlingo woyenera ndi kuopsa kwake.

Ndatemeka ndi chikwanje kumunda, chipatala chili kutali. Ndichite chiyani?

Kanikizani pabalapo ndi nsalu yoyera kwa mphindi khumi osasuzumira, mutakweza mkono kapena mwendowo. Magazi akaleka, tsukani ndi madzi ambiri aukhondo, a pamjigo kapena owiritsa atazizira, mpaka dothi lonse lichoke. Phimbani ndi nsalu yochapa, yosita kapena youma padzuwa, ndipo muzisintha tsiku lililonse. Bala lakuya, loyasama, kapena lobayidwa ndi msomali, mbedza ngakhale munga wa kampango lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Kusoka kumafuna bala la maola ochepa.

Osaikapo dothi, ndowe, phulusa, fodya, mafuta a mabuleki kapena zakuda za m'batire. M'dothi ndi m'ndowe mumakhala mbewu za kafumbata, matenda akupha amene kawirikawiri amaonekera pakati pa masiku 3 ndi 21, kuyamba ndi kuuma nsagwada. Katemera wake alipo m'zipatala zathu, funsani. Pamchombo wa khanda pasapakidwe kanthu kupatula chimene a chipatala apereka.

Munthu akapsa, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20. Osapaka mankhwala otsukira mano, mazira kapena mafuta ophikira, ndipo matuza asabooledwe. Akalumidwa ndi galu, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala kukafunsa katemera wa chiwewe ngakhale balalo likhale longokanda. Bala la ng'ona ya mu Bua kapena ku Chia lingaoneke laling'ono kunja, koma mano amakhala atalowetsa tizilombo mkati. Limenelo si la kunyumba.

Ndi zizindikiro ziti zosonyeza kuti bala lafuna chipatala msanga?

Kufiira kumene kukufalikira, ululu wokulirakulira pambuyo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, mafinya onunkha, mnofu wakuda, mwanabere, kutentha thupi, kuuma khosi kapena nsagwada. Mwana wopsa malo okulirapo kuposa chikhatho chake, kapena wopsa kumaso, m'manja, kumaliseche ndi molumikizana mafupa, asagone kunyumba.

Chilonda chimene chatha mwezi osasintha chikunena za thupi lonse. Kayezetseni shuga ndi HIV. Chosamva kuwawa chingakhale cha shuga kapena khate, ndipo cha m'mphepete motukuka, chotuluka magazi chikangokhudzidwa, chiyenera kupimidwa ngati si khansa. Pofuna uphungu wa msanga imbani Chipatala Cha Pa Foni pa 54747. Mukafika kuchipatala nenani zonse zimene munaika pabalapo, osabisa. Namwino akufuna kudziwa kuti atsuke bwino.

Kodi ofufuza sakungofuna kuba nzeru za asing'anga?

Nkhawayi ndi yomveka, chifukwa m'maiko ena zinachitikadi kuti nzeru za makolo zinalemeretsa makampani eni ake osaonapo kanthu. N'chifukwa chake kuli pangano la Nagoya la mu 2010, limene Malawi anavomereza. Limati wofuna chomera kapena nzeru za makolo apemphe kaye chilolezo, ndipo agwirizane ndi eni ake za kagawidwe ka phindu ntchito isanayambe. Sing'anga ali ndi ufulu wofunsa kalata ya chilolezo, kufunsa kumene nthambi zake zikupita, ndi kukana.

Wofufuza wolongosoka amatumiza nthambi yofinyidwa pa pepala ku National Herbarium ku Zomba kuti akatsimikize mtundu wa mtengowo. Kuno n'kofunika kwambiri, chifukwa mtengo umodzi ungakhale ndi dzina lina kwa Achewa a ku Mwansambo, lina kwa Atonga a cha ku Dwambazi. Mankhwala azitsamba oikidwa m'mabotolo n'kumatsatsidwa pa wailesi amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA.

Tibwere ku masamu. Ana a m'Malawi ali pati?

Ali kumbuyo, ndipo n'zopweteka kunena. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020, wochitidwa ndi National Statistical Office, anapeza kuti pa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14, ndi 13 okha amene anatha masamu oyambira: kuwerenga manambala, kusiyanitsa yaikulu ndi yaing'ono, kuphatikiza, ndi kupeza nambala yosowa pa mndandanda. Otha kuwerenga nkhani yaifupi n'kuimvetsa anali 19. Pa mayeso a SACMEQ a 2007, amene anayeza ana a Sitandade 6 m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, Malawi anapeza 447 pa masamu, pa sikelo imene pakati pake anapaika pa 500, ndipo anali wachiwiri kuchokera pansi.

Vuto si mitu ya ana. Sukulu yaulere itayamba mu 1994, chiwerengero cha ana a pulayimale chinalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, koma aphunzitsi, makalasi ndi mabuku sizinalumphe nawo. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma kalasi ya Sitandade 1 ya ana opitirira 100 si yachilendo kwa kholo lililonse la kuno.

Ofufuza amawayeza bwanji ana? Mwana akalephera abwereza kalasi?

Ayi, sabwereza. Zotsatira sizipita pa lipoti la mwana ndipo dzina lake silituluka. Mayeso odziwika a makalasi oyamba ndi EGMA. Woyesa amakhala ndi mwana mmodzi payekha n'kumufunsa pakamwa: tchula nambala iyi, yaikulu ndi iti pa ziwirizi, yasowa ndi iti apa, phatikiza, chotsera, yankha kafunso ka nkhani. Amaonanso mmene mwana akupezera yankho, kaya akuwerenga zala, akulemba timizere, kapena akuganiza m'mutu. Mwana amene pa 8 kuphatikiza 5 akuyambira kuwerenga pa 1 ali pena, amene akuyambira pa 8 ali patsogolo pake, ngakhale onse apeze 13.

Mwana wanga amabweza chenje bwinobwino pogulitsa usipa, koma m'kalasi amalephera. Zimatheka bwanji?

Funso ili limandikhudza kuposa onse, chifukwa mwana wotere nthawi zambiri amatchedwa mbuli pomwe masamu ali nawo m'mutu. Wogula akapereka K5,000 pa usipa wa K3,800, mwanayo amawerenga chokwera: 200 kufika 4,000, kenako 1,000 kufika 5,000, chenje K1,200. Muikireni manambala omwewo pa bolodi, 5000 pamwamba, 3800 pansi. Ambiri amalemba 2800. Aona 0 ndi 8, n'kuchotsera yaing'ono pa yaikulu, chifukwa lamulo la kubwereka analiloweza osalimvetsa. Pamsika sakanalola kubweza K2,800, koma papepala manambalawo sakuwaonanso ngati ndalama.

Mu 1985 ofufuza a mumzinda wa Recife ku Brazil anasindikiza zofanana ndi izi pa ana ogulitsa malonda mumsewu. Pogulitsa anakhoza pafupifupi 98 peresenti ya mafunso, koma masamu omwewo atalembedwa ngati a m'kalasi anakhoza 37 peresenti. Ana ake anali asanu okha, choncho muwerenge manambalawa mokumbukira zimene ndanena pa funso la agogo. Komabe aphunzitsi a m'mbali mwa nyanja amaziona izi chaka ndi chaka.

Chiyankhulo nacho chimalowererapo. Mwana akafika Sitandade 5 zonse zimakhala m'Chingerezi, ndipo funso la nkhani limamugonjetsa pa chiganizo asanafike pa nambala. Wolankhula Chitonga kapena Chiyao kunyumba amakhala atawoloka kale mtsinje wina mu Sitandade 1. Pulofesa Mercy Kazima wa ku University of Malawi ndi mmodzi mwa amene afufuza kwa zaka zambiri za chiyankhulo ndi kaphunzitsidwe ka masamu m'dziko muno. Mphunzitsi wolola mwana kufotokoza m'chiyankhulo chake mmene wapezera yankho, asanamuonetse kalembedwe ka m'buku, sakutaya nthawi.

Matabuleti amene akufika m'masukulu amathandizadi?

Umboni ulipo, ndipo unayambira kwathu. Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anayesa ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 pasukulu ya Biwi ku Lilongwe, zotsatira n'kutuluka mu 2015. Anawagawa mwamaere patatu: ena tabuleti ya masamu a bungwe la onebillion, ena tabuleti yopanda masamu, ena kalasi ya masiku onse, theka la ola pa tsiku kwa masabata asanu ndi atatu. Gulu lachiwirilo linali lofunika, kuti zidziwike ngati ndi masamuwo akuthandiza kapena chisangalalo chongogwira chipangizo chatsopano. Mu Sitandade 2 ndi 3, a tabuleti ya masamu anaposa magulu ena aja. Mu 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT yofikitsa matabuleti otere, otchajidwa ndi dzuwa, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Mphamvu ya tabuleti ndi yakuti mwana aliyense amayenda pa liwiro lake ndipo amauzidwa pompo akalakwa, chinthu chimene mphunzitsi wa ana 100 sangachite. Koma chimene chinayenda pasukulu imodzi ya mumzinda, ofufuza ali pompo, chiyenera kuyezedwanso chikafika kwa Kafuzira, kumene tabuleti ikawonongeka wokonza ali kutali. Komiti ya sukulu izifunsa kuti ana akugwira matabuletiwo kangati pa sabata.

Nanga mabuku atsopano a masamu? Matebulo ochulukitsira anathetsedwa?

Mabukuwo ndi a National Numeracy Programme, ya Unduna wa Maphunziro ndi thandizo la boma la Britain, ya Sitandade 1 mpaka 4. Cholinga chake ndi chakuti mwana amvetse nambala, aziiphwanya ndi kuimanganso, aziona dongosolo lake, asanathamangire malamulo oloweza. Matebulo ndi ofunikabe. Mwana wodziwa pamtima kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56 amatsala ndi mpata woganizira funso lenilenilo. Kungoti ayambe waona milu isanu ndi iwiri ya timiyala tisanu ndi titatu, kuti akaiwala athe kudzipezera.

Njira ina yoyesedwa kambiri ndi ya bungwe la Pratham la ku India, imene ku Zambia amaitcha Catch Up: kwa kanthawi pa tsiku, ana amaikidwa m'magulu motsatira zimene akudziwa, osati kalasi imene ali. Wa Sitandade 5 wosatha kuchotsera amabwerera pa kuchotsera popanda kumuchititsa manyazi.

Kujomba masiku ochepa kungagwetse mwana pa masamu?

Kwambiri, chifukwa phunziro la lero limakhala pamwamba pa la dzulo. Mwana wojomba sabata imene anzake anaphunzira mateni ndi mawani adzavutika ndi kubwereka mpaka wina atamubweza pamenepo. Kuno ana amajomba nthawi yoingitsa mbalame ku mpunga, usipa ukagwa, mitsinje ikadzaza, ndiponso chifukwa cha malungo, likodzo ndi njala.

Apa pali chitsanzo cha kafukufuku amene anafunsa ngati kuchiza malungo pasukulu kungachepetse kujomba, yankho n'kukhala ayi. M'masukulu 58 a ku Zomba, theka lake aphunzitsi anaphunzitsidwa kuyeza malungo ndi kupereka mankhwala pasukulu pomwepo. Ana ambiri anathandizidwa, makolo anayamikira, koma poyerekeza ndi masukulu enawo kujomba sikunachepe. Pakanapanda gulu loyerekezera, aliyense akanalumbira kuti kwachepa.

Ine sindinapite patali ndi sukulu. Ndingamuthandize bwanji mwana?

Mungathe ndithu. Mutumeni awerenge milu ya tomato ndi ndalama zimene zibwere ikatha yonse. Agawe nsomba mofanana pa mbale za pabanja, anene zotsala. Amange timitengo m'mitolo ya khumikhumi, chifukwa mitolo imeneyo ndiyo mateni a m'buku. Seweranaye bawo, muli kuwerenga ndi kuganiza zapatsogolo m'maenje 32 aja. Akapereka yankho, lolondola kapena lolakwa, mufunseni kuti "wapeza bwanji?" ndipo mumvetsere mpaka amalize. Mawu akuti "kwathu kuno masamu sitiwatha" asamveke pamaso pa mwana, makamaka mtsikana.

Ofufuza abwera pamudzi kapena pasukulu. Ndingakane? Nanga akafuna magazi?

Mungakane, ndipo mungasiye pakati ngakhale munavomera poyamba. Chithandizo chanu kuchipatala kapena malo a mwana wanu m'kalasi sizingachotsedwe chifukwa chokana. Kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa ndi komiti monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya ku KUHeS, ndipo bungwe la boma loona za sayansi la NCST limayang'anira kafukufuku m'dziko lonse. Wofufuza abwere ndi kalata, adzere kwa mkulu wa zaumoyo kapena wa maphunziro pa Boma ndi kwa amfumu, ndipo akuwerengereni m'chiyankhulo chanu pepala lonena cholinga, zoopsa zake ndi nambala yoimba mukadandaula. Kuvomera kwa amfumu sikulowa m'malo mwa kuvomera kwanu. Pa mwana, kholo livomere, mwanayonso afunsidwe.

Kafukufuku wa masamu safuna magazi. Wa mabala nthawi zina amapukuta pabala ndi kathonje kuti akaone mabakiteriya, kapena kubaya chala poyeza shuga. Funsani kuchuluka kwake, kumene akupita ndi tsiku limene mudzamve zotsatira. Mphekesera za anamapopa zaphetsapo anthu osalakwa m'dziko muno, choncho mukakayika pitani kwa amfumu kapena kwa mlangizi wa zaumoyo mukaone kalatayo.

Mphunzitsi kapena komiti ya pamudzi ingachite kafukufuku wakewake?

Mphunzitsi angathe. Lembani mafunso khumi, yesani kalasi kumayambiriro kwa teremu, sungani mapepalawo. Sinthani chinthu chimodzi chokha, mwachitsanzo mphindi khumi za mitolo ya timitengo m'mawa uliwonse. Ngati pali sitirimu ina, mnzanu aziphunzitsa monga mwa masiku onse, ndipo kumapeto nonse muyese ndi mafunso ofanana kulimba, wochonga akhale mphunzitsi wachitatu. Zimene mwapeza, zabwino kapena zokhumudwitsa, kazifotokozeni ku TDC, kumene aphunzitsi a m'zoni amakumana, pamaso pa a PEA, mlangizi wa maphunziro wa zoniyo, kenako sitirimu inayo ilandirenso njirayo ngati yathandiza.

Za mabala n'zosiyana. Kuyesa mankhwala pa thupi la munthu popanda chilolezo cha makomiti ndatchula aja n'koletsedwa, ngakhale mankhwalawo akhale tsamba la kuseri kwa nyumba. Chimene komiti ya zaumoyo ingachite ndi kusunga kope: bala la mtundu wanji, linachitika liti, munthuyo anaikapo chiyani, anapita kuchipatala tsiku lanji, linapola liti, popanda kulemba mayina. Kopelo lizipita kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu miyezi itatu iliyonse.